Sukulu yotchuka, pafupi ndi abale, kapena lendi ya kanthawi: kusankha dera lokhala posamukira dziko lina ndi ana

Banja likamakonzekera kusamukira dziko lina, nkhani ya nyumba imayambira pa lendi, kuchuluka kwa zipinda ndi mtunda wa kuntchito. Za sukulu zimabwera pambuyo, anthu n'kumati tikaona tikafika. Komatu m'mayiko ambiri, tsiku limene mwasayinira pangano la lendi ndi tsiku lomwelo limene mwasankhira ana sukulu, musanaione n'komwe. Adiresi ndiyo imagawa ana. Ku United States nyumba iliyonse ili m'chigawo cha maphunziro, ndipo chigawocho ndicho chimanena sukulu ya boma imene ana a pamenepo azipita. Ku France kuli mapu ogawira ana masukulu otchedwa carte scolaire. Ku England sukulu ikachulukiridwa ndi ofuna malo, kawirikawiri imayeza mtunda kuchokera pakhomo panu kukafika pasukulupo, woyandikira n'kulowa, wotalikira n'kutsala.

Njira zimene mabanja amatsata posankha dera zilipo zingapo, ndipo sindibisa kumene ndapendekera. Mwana wochokera kunja amafunika sukulu imene ili ndi malo ake lero ndiponso yozolowera kulandira alendo, kuposa sukulu imene ili pamwamba pa mndandanda wa okhoza mayeso.

Kuthamangira dera la sukulu yotchuka

Iyi ndiyo imayamba kubwera m'mutu mwa kholo lililonse. Mumalowa pa intaneti, mumaona masukulu amene ana ake amakhoza kwambiri, n'kuyamba kusaka nyumba mozungulira pamenepo. Mtima umenewu sindingaunyoze. Phindu nalo lilipodi: m'masukulu oterewa aphunzitsi amakonda kukhalitsa, makolo amatsatira zochitika za kusukulu, ndipo mwana amakulira pakati pa anzake amene kuwerenga kunawalowa m'magazi.

Koma walira mvula walira matope. Fizi imene simulipira kusukulu ya boma mumakailipira kwa mwini nyumba. Katswiri wa zachuma Sandra Black anafufuza zimenezi m'madera ozungulira Boston poyerekeza nyumba zoyandikana zimene zili mbali ziwiri za malire a masukulu, ndipo mu 1999 anaonetsa kuti zotsatira za mayeso zikakwera ndi 5 peresenti, makolo amalolera kuwonjezera pafupifupi 2.5 peresenti pa mtengo wa nyumba. Nyumba zofanana, dera lomwelo, koma mitengo yosiyana chifukwa cha mzere wa pamapu. Kwa banja limene langofika, lisanadziwe kuti malipiro atsopano azikwana mpaka pati, lendi yolemera imameza ndalama zimene zikanalipira mphunzitsi wapadera wa chilankhulo, kapena kulola kholo limodzi kukhala pakhomo miyezi yoyamba ana akuzolowera.

Chinanso, manambala amene mumaona pa intaneti amanena zambiri za makolo kuposa za aphunzitsi. Kuyambira pa lipoti la James Coleman la mu 1966 ku United States, ofufuza akhala akupeza mobwerezabwereza kuti maphunziro a makolo ndi chuma cha pakhomo zimakhudza kwambiri kakhozedwe ka mwana. Sukulu imene imalandira ana odziwa kale kuwerenga, amene akakhoza pang'ono masamu makolo amawapezera wowathandiza madzulo, idzatulutsa zotsatira zowala ngakhale aphunzitsi ake atakhala wamba. N'chifukwa chake mayiko ena anayamba kuyeza kuti mwana wasuntha motani kuchokera pamene analowera. Ku England mu 2016 anayambitsa muyeso wa Progress 8, umene umayerekeza zotsatira za mwana pa mayeso a GCSE, amene amalembedwa mwana ali ndi zaka pafupifupi 16, ndi za ana ena amene anakhoza mofanana naye pomaliza pulayimale. Ku Australia tsamba la boma la My School limaonetsa sukulu pambali pa ana ena ochokera m'mabanja ofanana nawo. Ngati mukufuna kudalira manambala, dalirani oterewa. Lipoti la oyendera masukulu nalo muliwerenge lonse, ndipo muone chaka chimene linalembedwa, poti mphunzitsi wamkulu akasintha sukulu imasinthanso. Bungwe loyendera masukulu la Ofsted linasiya mu Seputembala 2024 kupatsa masukulu a boma a ku England chigamulo cha mawu amodzi okuta sukulu yonse, kotero mawu otamanda amene ogulitsa nyumba amalemba pa malonda awo akhoza kukhala akalekale.

Vuto limene limapweteka mlendo kwambiri ndi lakuti sukulu yotchuka imakhala yodzaza. Tione ku England komweko. Kufunsira malo kusekondale kumatsekedwa pa 31 Okutobala, kupulayimale pa 15 Januwale, ndipo mayankho amatuluka kumayambiriro kwa Malichi ndi pakati pa Epulo, pokonzekera chaka choyamba mu Seputembala. Banja lofika mu Meyi limapeza malo atagawidwa kale. M'makalasi a ana a zaka 5 mpaka 7 lamulo limaletsa kupitirira ana 30 kwa mphunzitsi mmodzi, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Khonsolo ili ndi udindo wopezera mwana aliyense malo, koma silonjeza sukulu imene mwaikonda. Ndiye zimatheka kulipira lendi yokwera moyang'anizana ndi geti la sukulu yotchuka, mwana wanu n'kumakwera basi m'mawa uliwonse kupita kusukulu ina ya kutali, akudutsana ndi anzake ovala yunifolomu imene inakukokerani m'deralo.

Kumene adiresi imapatsa mwana ufulu wolowa, monga m'zigawo zambiri za ku United States kapena m'madera a masukulu a ku New Zealand, njirayi ndi yodalirika ndithu. Komabe musamve za wokupezerani nyumba. Iye akufuna nyumba ipite. Dzina la tauni limene lili pa adiresi ya positi silitsimikiza kuti nyumbayo ili m'chigawo cha maphunziro cha tauniyo, ndipo malire amajambulidwanso ana akachuluka. Lembani ku ofesi ya maphunziro, tchulani nambala ya nyumba ndi msewu, ndipo yankho mulisunge. Njirayi imayanja banja lofika nthawi yofunsira malo isanatsekedwe, lokhala zaka zambiri, ana ake olankhula kale chilankhulo cha m'kalasi, ndiponso thumba lake losagwedezeka.

Kukhala pafupi ndi abale kapena anthu akwanu

Ena njira iyi amaichitira manyazi, ngati kuti ndi ya makolo osaganizira ana awo patali. Ine ndikuti imanyozedwa mopitirira. Taganizani za 3 koloko masana. Sukulu yaweruka, nonse awiri muli kuntchito zimene mwangoyamba kumene ndipo simungapemphe kutuluka, ndipo mwana wa zaka 6 waima pageti ndi chikwama kumsana. M'masukulu ambiri mwana wamng'ono chonchi samupereka kwa munthu amene dzina lake silinalembedwe ku ofesi. Mulemba dzina la ndani m'dziko limene simudziwa aliyense? Azakhali okhala misewu iwiri kuchokera pasukulupo amathetsa vuto limene ndalama zambiri zimavutika kuthetsa. Amadziwanso fomu yofunika, ofesi yoyenera, ndi tsiku limene sukulu imatseka msanga.

Palinso china chimene mndandanda wa okhoza mayeso suonetsa. Masukulu a m'madera amene alendo amafikira anazolowera mwana wofika pakati pa teremu asakudziwa liwu ndi limodzi lomwe. Ku Germany kuli makalasi olandirira otchedwa Willkommensklassen, ku France kuli magulu a UPE2A, ku Québec kuli classes d'accueil, koma si sukulu iliyonse imene ili nawo, ndipo amapezeka kwambiri kumene alendo achuluka. Nkhani ya chilankhulo si yamasewera. Jim Cummins, katswiri wa maphunziro a ana a zilankhulo ziwiri ku Canada, anaonetsa kuti mwana amatha kucheza bwino m'chilankhulo chatsopano m'zaka pafupifupi ziwiri, koma kuti afike pofanana ndi anzake pa chilankhulo cha m'mabuku ndi m'mayeso zimatenga zaka 5 mpaka 7. Makolo ambiri amanyengeka akamva mwana akuseka ndi anzake pabwalo, n'kuganiza kuti zatheka, pamene m'kalasi la sayansi akumira. Sukulu yodziwa alendo imazindikira kusiyana kumeneku ndipo imapitiriza thandizo mwanayo atayamba kale kulankhula.

Kuipa kwake musakubise. Madera oterewa nthawi zambiri ndi a anthu opeza movutikira, makalasi amadzaza, ndipo m'masukulu ena aphunzitsi amasinthasintha chaka chilichonse. Mwana akhozanso kungokhala m'kagulu ka anzake a chilankhulo chakwawo, chatsopanocho n'kuchedwa kulowa. Uphungu wa abale nawo uli ndi malire: amadziwa sukulu imene ana awo anapita, mwina zaka khumi zapitazo, ndipo akati ndi yabwino kaya akutanthauza kuti ili pafupi. Afunseni zenizeni. Aphunzitsi a mwana wawo anakhala zaka zingati? Ana omaliza pamenepo amapita kuti?

Sukulu ya maphunziro ovomerezeka m'mayiko ambiri

Apa mumadzimasula ku adiresi. Mumalipira fizi, mumakhala kumene mwafuna, bola basi ya sukulu izifika. Maphunziro a International Baccalaureate, amene anayambira ku Geneva mu 1968, ndi mayeso a Cambridge IGCSE amapezeka m'mayiko ochuluka, kotero mwana akasamukanso amakapitiriza pamene analekera. Kwa banja limene latumizidwa ndi ntchito kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kapena limene lili ndi mwana wa zaka 15 m'dziko la chilankhulo chachilendo, njirayi kawirikawiri ndiyo yachifundo kwa mwanayo. M'malo ena mulibenso kusankha kwenikweni: ku Dubai ana ambiri a alendo amaphunzira m'masukulu olipira, ndipo bungwe la boma la KHDA limasindikiza malipoti a masukuluwo.

Muwerengetsere bwino. Pamwamba pa fizi pamabwera ya kulembetsa, ya basi, ya mayeso, ya maulendo, ndipo zonsezi muchulukitse ndi chiwerengero cha ana ndi zaka zimene zatsala. Ngati akulipira ndi abwana a kuntchito, dzifunseni chimene chidzachitike ntchito ikatha mwana ali pakati pa maphunziro a zaka ziwiri. Dzina lokongola pachipata silitsimikiza kanthu. Onani ngati sukuluyo ilidi pa mndandanda wa bungwe limene ikudzitchula nalo. Ndipo kwa banja lofuna kukhazikika, pali mtengo wina wosalembedwa pa risiti. Anzake a mwanayo amakhala omwazikana mumzinda wonse, ambiri amachoka pakapita zaka zochepa, ndipo iye akhoza kukula osalankhula bwino chilankhulo cha mumsewu umene akukhala. Mwana wa zaka 5 amene mukufuna akulire m'dzikolo sindingamutsekere m'sukulu yotere.

Kutsata ntchito kapena lendi yotsika, mwana aziyenda

Kumene makolo ali ndi ufulu wosankha, zimatheka. Ku Netherlands boma limalipirira mofanana masukulu ake ndi a mipingo kuyambira 1917, ndipo makolo amasankha okha. Koma ufulu wosankha si malo otsimikizika. Ku Amsterdam malo a kusekondale amagawidwa mothandizidwa ndi maere, ndipo masukulu ambiri a charter ndi a magnet ku United States, amene amalipiriridwa ndi boma koma makolo amasankha okha, amachitanso maere akadzaza. Mlendo wofika maere atachitika amatenga zotsala. Ulendo nawo muuyese nokha nthawi ya m'mawa anthu akuthamangira kuntchito, osati Lamlungu masana, ndipo mukumbukire kuti kumayiko akumpoto m'nyengo yozizira mwana amanyamuka kuli mdima n'kubwera kuli mdima. Wa kusekondale angapirire. Wa kupulayimale ayi.

Kuyamba ndi lendi ya kanthawi

Iyi ndiyo ndimailimbikitsa kwa mabanja ambiri, koma ili ndi kachitidwe kake. Musagule nyumba muli kutali, ndipo ngati n'kotheka musadzimange ndi pangano lalitali. Sankhani dera limene lili ndi masukulu atatu kapena anayi abwinobwino oyandikana, m'malo mwa dera la sukulu imodzi yowala yozunguliridwa ndi ofooka. Mukatero, ina ikakana ina idzavomera, ndipo mukadzasamuka kupita kunyumba yokhazikika mudzangosuntha misewu ingapo, mwana osasintha sukulu. Pamenepa ndiye pagona luso lonse, chifukwa kuipa kwakukulu kwa njirayi ndi kumuzula mwana kawiri m'chaka chimodzi, atangopeza kumene mnzake woyamba.

Dziwaninso kuti adiresi ya hotela kapena ya nyumba yobwereka kwa masabata ochepa maofesi ena saivomereza ngati umboni wa kumene mukukhala. Amafuna pangano la lendi kapena bilu ya magetsi ya dzina lanu. Kubwereka adiresi ya m'bale n'kunama kuti mumakhala pamenepo musayese n'komwe, poti zikadziwika malowo akhoza kulandidwa. Musaganizenso zosunga mwana pakhomo miyezi ingapo mukufufuza: ku Germany, mwachitsanzo, lamulo limafuna kuti mwana azipita kusukulu ndithu, ndipo kuphunzitsira kunyumba sikuloledwa.

Phindu la njirayi ndi maso anu. Pitani pageti nthawi yoweruka n'kuima chapatali. Onani ngati aphunzitsi akutuluka kudzalankhula ndi makolo kapena akubisala mkati, ngati ana akuluakulu akukankha ang'onoang'ono, ngati ana a khungu ndi zilankhulo zosiyana akuyendera limodzi kapena aliyense ali ndi kagulu kake. Kenako lowani mu ofesi mufunse funso limodzi ili: mwana wofika pakati pa chaka mumamulandira bwanji sabata yoyamba? Sukulu ina idzakutchulirani mphunzitsi amene amayang'anira zimenezi, maola amene mwanayo azithandizidwa pa sabata, ndi mnzake amene adzamupatse womuperekeza kuti asadye yekha pa nthawi yopuma. Ina idzangomwetulira n'kunena kuti ana amazolowera okha. Yankho limenelo limandiuza zambiri kuposa manambala onse a pa intaneti.

Msinkhu wa mwana umasintha zonse

Njira zonsezi zimalemera mosiyana malinga ndi zaka za mwana. Wosakwana zaka 8 ali ndi nthawi yokwanira yophunzira chilankhulo, kotero sukulu ya pafupi yoyenda wapansi, yokhala ndi aphunzitsi odekha, imamukwanira. Kuyambira zaka 9 muyambe kufunsa kuti dzikolo limapatula ana liti. M'zigawo zambiri za ku Germany ana amagawidwa kupita ku mitundu yosiyana ya sekondale akamaliza kalasi 4, ali ndi zaka pafupifupi 10, pamene ku Berlin ndi ku Brandenburg amadikira mpaka kalasi 6. Mwana wanzeru wofika ndi zaka 9 asakudziwa Chijeremani akhoza kuikidwa m'njira yosayenera luso lake chifukwa cha chilankhulo chokha, ndiye zaka ziwiri zowonjezerazo n'zoyenera kuziganizira ngati ntchito ikukulolani kusankha mzinda.

Wa zaka 14 mpaka 17 ndiye amafuna kuti banja lonse limuzungulire. Ku England maphunziro a GCSE amatenga zaka ziwiri, Year 10 ndi Year 11, ndipo wofika pakati amapeza anzake atamaliza theka la zimene zidzafunsidwe. Ngati muli ndi ana angapo, yambani kupezera wamkuluyo malo, nyumba itsate sukulu yake, ang'onoang'ono abwere pambuyo. M'malo ambiri mwana amene m'bale wake ali kale pasukulupo amaganiziridwa msanga, ndipo zimenezo zimakuthandizani m'zaka zotsatira.

Kalendala nayo imasokoneza. Ku South Africa, Australia ndi New Zealand chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, ku Ulaya ndi ku North America mu Ogasiti kapena Seputembala, ku Japan mu Epulo. Wosamuka pakati pa makalendala amenewa amabwereza miyezi ingapo kapena kuidumpha. Mayiko ena amaika mwana m'kalasi potsata tsiku lobadwa, osati kalasi imene anali kumene wachokera. Ku England gulu limodzi ndi la ana obadwa kuyambira 1 Seputembala mpaka 31 Ogasiti.

Musanasankhe dera, onaninso zimene chitupa chanu chokhalira m'dzikolo chimalola. Ku United States khoti lalikulu linagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, kuti mwana sangakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa zikalata zokhalira m'dzikolo. Ku Australia zigawo zina, monga New South Wales, zimalipiritsa fizi kusukulu ya boma ana a anthu ena okhala pa viza ya kanthawi. Ku Québec lamulo la chilankhulo la mu 1977 limatumiza ana ambiri a obwera kudzakhazikika kusukulu za Chifalansa, kotero kupeza nyumba pafupi ndi sukulu ya boma ya Chingerezi sikungakutsegulireni khomo lake.

Zikalata zisapite m'katundu wotumiza pa sitima, zikhale m'chikwama cha m'manja: chikalata cha kubadwa, malipoti a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi, kalata ya mphunzitsi wamkulu yofotokoza kalasi imene mwana wafika ndi mitu imene waphunzira, ndi khadi la katemera. Ku Germany kuyambira mu Malichi 2020 sukulu zimafuna umboni wa katemera wa chikuku, ndipo zigawo zonse za ku United States zili ndi malamulo a katemera kwa ana olowa sukulu. Ngati mwana ali ndi vuto la kumva, kuona kapena kuphunzira, tengani makalata onse a madokotala ndipo muwamasuliretu m'chilankhulo cha kumene mukupita, chifukwa kumuyezanso kumeneko kukhoza kutenga miyezi. Kwa mwana woteroyo kalata yanu yoyamba ipite ku ofesi ya maphunziro kukafunsa masukulu amene ali ndi thandizo limene iye amafuna, ndipo nyumba muyambe kuisaka mayina a masukuluwo ali m'manja.